Njerwa Timaumba Ndife, Nanga Malo a Fomu 1 Amapita Kuti?

Kuno ku Mambwe mwezi wa Januwale umafika ndi madandaulo awiri: nkhokwe yatha, ndipo mwana alibe malo kusekondale. La njala tinalizolowera, timadziwa kuti maungu akayamba ndi chimanga chikakhwima lidzaiwalika. La sukulu silitha ndi kukolola ayi. Mwana amene wasowa malo Januwale uno, kawirikawiri ndiye kuti sukulu wasiyana nayo, ndipo chaka chikamatha timamuona akupalasa njinga ya makala kapena atabereka mwana kumbuyo.

Tikulankhula pano ndife anthu wamba a m'chigwa: alimi a thonje ndi mpunga, amayi ogulitsa tomato ku Cropping, ochapa ndi kusita m'maloji, alonda, asodzi, ndi agogo olera adzukulu amasiye. Ena ndife a kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya kumene kumadutsa tala, ena a kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Msoro, ena a kwa Malama kumene msewu umatseka mvula ikakhazikika. Timasiyana matchalitchi, timasiyana zipani, koma nkhani ya malo a Fomu 1 ikayambika pachigayo kapena pamaliro, aliyense amakhala ndi yake yoti anene.

Tiyambe tathokoza, kuopa kuti wina angatitche osayamika. Kuyambira Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake mpaka Giredi 12, linachotsanso ndalama za PTA ndi za mayeso. Chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 dziko lonse, ndipo ena a iwo tinawaona akutsika basi kuno ndi zikwama zawo. Amene tinagulitsapo mbuzi kuti mwana asathamangitsidwe pakati pa temu tikudziwa kulemera kwa katundu amene tinatulidwa. Ana amene anali atakhala pakhomo zaka ziwiri zitatu anabwerera m'kalasi.

Anawo anabwerera, koma makalasi sanaswane. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma lino, wa 2022 anapeza oposa 119,000. Sekondale zenizeni, zokhala ndi labu, mabuku ndi mphunzitsi wa sayansi amene amakhalitsa, tikhoza kuziwerenga ndi zala. Kale mwana ankatsekeredwa kunja ndi ndalama, lero akutsekeredwa ndi malo. Ndipo malo akachepa, pamafunika wina anene kuti ayambe kulowa ndani. Apa ndiye pali mlandu wathu wonse.

Tikadandaula, a m'maofesi amatiyankha kuti mamakisi sanama. Mayeso a Giredi 7 amakonzedwa ndi a ECZ ku Lusaka, pepala ndi limodzi kuyambira ku Livingstone mpaka ku Chama, ndipo amachongedwa ndi makina osadziwa dzina la bambo wa mwana. Kenako amadula mzere umene amautcha cut-off point. Amene ali pamwamba penipeni amaitanidwa ku Chizongwe kapena ku St Monica's ku Chipata, mwina ku Chassa ku Sinda. Ena amapeza bedi ku Mambwe Boarding, ena amapatsidwa sukulu yoyendera, otsala amauzidwa kuti abwereze.

Makinawo sadziwa dzina la bambo, inde. Sadziwanso kuti mwana ameneyu amakhala m'dera la Lupande, kumene pakati pa mudzi ndi nyama palibe mpanda. Paki ya South Luangwa inakhazikitsidwa mu 1972, kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050, koma njovu siziwerenga malire. Zimawoloka Luangwa madzulo, zimagona m'minda mwathu, ndipo m'mawa zimachedwa kubwerera. Mayi wanzeru satulutsa mwana mbandakucha, amadikira dzuwa likwere, amve kaye kwa amene adutsa kale ngati njira ili bwino. Mwanayo akafika pasukulu masamu atha. Nyengo ya mango, pamene njovu zimalowa mpaka kuseri kwa nyumba, ndi nyengo yomweyo imene ana a Giredi 7 amakhala akulemba mayeso, kunja kukutentha kuposa madigiri 40. Dzinja likafika mwana yemweyo amachezera pamsanja kuimba zitini ndi kufukiza tsabola kuti mpunga upulumuke. Mitsinje ya Lupande ndi Msandile ikadzaza, sukulu imatsekedwa yokha popanda chilengezo, chifukwa palibe kholo limene lingalole mwana kuwoloka madzi ofika m'chifuwa mmene ng'ona zachulukiramu. Masiku onse amenewa salembedwa pa pepala la zotsatira. Pamangolembedwa nambala, ndipo nambalayo amaiika pambali pa ya mwana wa ku Kapata ku Chipata amene amawerenga pa magetsi ndi kupita ku tyushoni Loweruka.

Palinso za chilankhulo. Ambiri mwa ana athu kunyumba amalankhula Chikunda. Akayamba sukulu amakumana ndi Chinyanja cha m'mabuku, chimene amachimva koma si cha amayi awo. Asanachigwire bwino, Chingerezi chafika, ndipo mapepala ambiri a mayeso ali m'Chingerezi chomwecho. Mphunzitsi woti awathandize nayenso sakhalitsa. Wochokera ku Copperbelt kapena ku Lusaka akalawa Okutobala mmodzi wa kuno, nyumba palibe, madzi ali kutali, netiweki mpaka ukwere pachulu, amayamba kulemba kalata yopempha transifa. Sitimuda, nafenso tikanatero. Koma ana amene asintha aphunzitsi atatu m'chaka chimodzi akauzidwa kuti analephera chifukwa cha ulesi, ife zimatiwawa.

Tsono kunabwera silabasi yatsopano. Kuyambira 2025 Giredi 8 inachoka, m'malo mwake kunalowa Fomu 1. Pulaimale idzakhala ya zaka 6, sekondale Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo Fomu 5 ndi 6 ndi ya ofuna kupitirira. Mwina n'zabwino, ophunzira ndiwo akudziwa. Chimene ife taona n'chakuti mpata wachiwiri watha. Kale mwana ankatha kuchita Giredi 8 ndi 9 pasukulu yapafupi akugona kunyumba, n'kukula pang'ono, n'kutsegula mutu, kenako n'kukapikisana pa mayeso a Giredi 9 kuti apeze malo a Giredi 10. Ambiri amene lero ndi anamwino ndi aphunzitsi ochokera m'midzi muno anadzuka mochedwa chomwecho. Tsopano kusefa kukuchitika kamodzi, mwana ali ndi zaka 12 kapena 13, ndipo posachedwa kudzachitika ali wamng'ono kuposa pamenepo. Akuti pa Fomu 1 mwana azilowa njira yogwirizana ndi luso lake, wina sayansi, wina ulimi, wina zamalonda. Koma sukulu yopanda labu ingapereke bwanji njira ya sayansi? Ndiye kuti njirayo imasankhidwa ndi sukulu imene mwana wagweramo, ndipo sukuluyo imasankhidwa ndi mudzi umene anabadwira.

Tiyerekeze kuti mwana wapirira zonsezo, wadumpha mzere, dzina lake latuluka kusukulu yogonera. Pakhomo pamakhala nthungululu tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri pepala la zofunika limawerengedwa. Maphunziro ndi aulere, koma chakudya ndi malo ogona boma linasiya pa K1,000 pa temu. Pamwamba pake matiresi, bulangete, thiranki, ndowa, yunifomu, nsapato zakuda, sopo, ndi ya basi. Zonsezi mu Januwale, thonje tinagulitsa kalekale, ndalama inapita ku feteleza ndi ku chimanga chogula. Mwana amapatsidwa masiku owerengeka oti akafike, akapanda kufika malo amawataya.

Malo otayikawo ndi amene timafuna kufunsa. Sakhala opanda munthu ayi. Pofika sabata yachitatu bedi lija muli mwana wina. Anadziwa bwanji kuti pali malo? Analengeza kuti, pawailesi iti, pakhoma liti? Sititchula sukulu, sititchula munthu, pakuti ahedi ambiri ndi anthu olungama amene nawonso foni zawo zimalira usiku kuchokera kwa akuluakulu amene sangawakanire. Koma maso tili nawo. Timaona ana a anthu odziwika, a mamakisi ochepa kuposa a mwana wathu, akutsika galimoto ndi thiranki yatsopano. Timamva za kakalata ka kwa auje, timamva za kangachepe. Mawu aja akuti wako ni wako anthu amatiseka nawo ife a kum'mawa, koma akafika pa bedi la mwana wamasiye saseketsanso. Zimafanana ndi mndandanda wa feteleza wotsika mtengo: unalembetsa, unasonkha, tsiku lolandira dzina lako palibe, koma matumba atuluka ndipo wina wanyamula.

Atiuza kuti pali basale ya CDF. Iliko, ndipo ena mwa ife ana athu akuphunzira ndi imeneyo. Thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo gawo lina ndi lolipirira ana osauka kusukulu zogonera. Vuto ndi kayendedwe ka mapepala. Fomu ikatengedwe kukomiti ya kuwadi, pakhale kalata yoti mwana wasankhidwa, pakhale umboni woti ndi wovutikadi, zonse zikachitidwe fotokope kumene kuli magetsi. Wokhala pafupi ndi boma amachita zimenezi m'mawa umodzi. Gogo wa kumalire kwa Msoro, wosadziwa kulemba, amamva za fomuyo tsiku lotsekera litadutsa. Ndipo nthawi imene mapepala akuyenda, masiku aja oti mwana akafike kusukulu nawonso akuyenda. Ndani analumikiza makalendala awiriwa? Palibe. Wosaukitsitsa, amene basaleyo inapangidwira, ndiye amafika mochedwa.

Amene sanapeze bedi amapita kusukulu yoyendera, ndipo ngati ili kutali amachita lendi kakhumbi pafupi ndi sukulu, atatu anayi m'chipinda chimodzi, kudziphikira okha, kubwera kunyumba Lachisanu kudzatenga ufa. Kwa mnyamata ndi mavuto. Kwa mtsikana wa zaka 14 ndi ngozi. Ufa ukatha Lachitatu, pamapezeka mwamuna wa njinga yamoto amene ali ndi K20. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti m'Zambia atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi, ndipo chigawo chathu cha kum'mawa chinali pamwamba pa chiwerengero chimenecho. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka lilipo kuyambira 1997. La 2023 linaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ngakhale wa pamwambo. Malamulo abwino onsewo. Koma chimene chimateteza mtsikana usiku ndi chitseko chokhoma ndi matroni, ndipo zimenezi zimaperekedwa kwa amene wapambana mamakisi, osati kwa amene akuchokera kutali.

A maloji atithandiza, ndipo amene angakane ndi wabodza. Norman Carr anayambitsa thumba la Kapani lolipirira ana sukulu mu 1986, ndipo pambuyo pake kunabwera a Chipembele, a Project Luangwa ndi ena. Makalasi amangidwa, mijigo yakumbidwa, ndipo pa Mfuwe Day, ngakhale ndi sukulu yoyendera, panachita kumangidwa nyumba zogona ana chifukwa cha mitunda. Pali anyamata ndi atsikana amene lero ali pantchito zabwino chifukwa mlendo wina anawalipirira. Sitiwaimba mlandu anthu amenewa, amathandiza kumene galimoto yawo imafika. Koma chifundo chili ndi malire ake, ndipo malirewo amatsata msewu wochokera pabwalo la ndege la Mfuwe kupita pageti la paki. Mwana wa kwa Malama njovu zimamudyera munda mofanana ndi wa kwa Kakumbi, koma mlendo samuona. Komanso wolipirira amasankha mwana wowala kale, wodziwa kulemba kalata yothokoza m'Chingerezi. Wapakatikati, amene ndiye ambiri, alibe womuona.

Masiku ano achinyamata athu a mafoni ndi aphunzitsi amene anaphunzira kutauni amatiuza za mitundu ina ya masukulu. Akuti kuli za Montessori, ndipo amene tinapitako ku Lusaka tinaonadi zikwangwani zake pamipanda ya njerwa ya m'mayadi. Akutinso ku America kuli zina zotchedwa charter. Nthawi ndi nthawi kumamveka mphekesera yakuti wakutiwakuti akufuna malo kuti amange sukulu yamakono kuno kuchigwa, ndipo mitima imadumpha. Ndiye tinafunsafunsa kuti zimenezi n'zotani.

Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy. Pa 6 Januwale 1907 anatsegula kasukulu ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome, ka ana a anthu aganyu amene ankasiyidwa okha masana makolo ali kuntchito. Njira yake inali yakuti mwana aziphunzira pogwira zinthu ndi manja, azisankha yekha ntchito, aakulu ndi aang'ono azikhala kalasi imodzi kuthandizana, ndipo asamaikidwe pamzere wa woyamba ndi wotsiriza. Za ana osinkhuka a msinkhu wa sekondale, iye ankafuna kuti azikhala pafamu, azilima, aziweta, aziyendetsa kagolosale ndi kanyumba kolandirira alendo. Titamva zimenezo tinaseka, chifukwa ana athu amalima kale, amaweta kale, amagulitsa kale pamsika, ndipo azibambo awo ndi amene amayala mabedi a alendo. Koma kuseka kunatha titamva fizi ya masukulu a dzina limeneli m'tauni. Chinthu chimene chinayambira ana a aganyu, lero mwana wa waganyu amachiona podutsa pageti.

Za charter akuti zinayamba ndi lamulo la ku Minnesota mu 1991. Ndalama ndi za boma, fizi palibe, koma oyendetsa sukulu ndi gulu la anthu apadera amene asainirana pangano ndi boma. Ofuna malo akachuluka, sayang'ana mamakisi, amachita maere. Pamenepa ife tinagawanika. Ena anati ndi bwino, mwana wa mlonda ndi wa bwana alowa m'chipewa chimodzi. Ena anati ayi, ndiye kuti wakhama ndi waulesi afanana. Mkanganowo sunathe. Koma tonse tinagwirizana titamva mbali inayo: m'madera ambiri kumeneko, maere asanachitike, amayamba apatula malo a abale a ana amene ali kale pasukulupo, a ana a ogwira ntchito, ndi a ana a amene anayambitsa sukuluyo.

Tangoganizani lamulo limenelo litafika kuno ku Malambo. Ku America mwina banja lili ndi ana awiri. Kuno mkulu akalowa, kumbuyo kwake kuli ang'ono ake asanu, ndiye kuti banja limene lachita mwayi chaka choyamba latseka mipando ya zaka khumi. Nanga m'bale ndani? Kwathu kuno mwana wa amayi aakulu ndi m'bale, wa amayi aang'ono ndi m'bale. Ife Akunda mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume amene ali pantchito amasenza ana a alongo ake onse. Mukati ana a ogwira ntchito, muwerenga obereka okha kapena ndi aphwa omwe? Mukawakana aphwa mwaphwanya mwambo wathu, mukawalola sukulu yadzaza ndi mabanja khumi. Ndipo mndandanda wa oyambitsa sukulu tikuudziwa mmene ungatalikire: aliyense amene anakhalapo pampando wakutsogolo tsiku loika mwala angadzakhale woyambitsa. Amene anasenza mchenga pamutu sadzalembedwa.

Tikunena za mchenga chifukwa tinausenzapo. Masukulu oyendetsedwa ndi anthu eni ake si achilendo kuno. Chiyambire nthawi ya Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Malawi amene anagwira ntchito ku Msoro n'kumwalira komweko mu 1913, amishoni akhala akuphunzitsa ana m'chigwa muno, ndipo mpaka lero boma limalipira aphunzitsi m'masukulu ambiri a mishoni m'dziko lino. M'zaka za m'ma 1990, boma litasowa ndalama, makolo tinayambitsa masukulu a komyuniti: denga la udzu, mipando ya njerwa, mphunzitsi wodzipereka amene tinkamulipira ndi ndowa ya chimanga. Pamasukulu amenewo panalibe mwana wobwezedwa. Chimene taona n'chakuti sukulu ikakhala yosauka ndi yathu tonse, koma ikangovala malata, kupakidwa penti, kulandira magetsi a dzuwa ndi makompyuta, pamabwera geti, pageti pamabwera malamulo, ndipo malamulowo amalembedwa ife kulibe. Malo anapereka ndi amfumu athu, ulere. Njerwa tinaumba ndife, mudzi ndi mudzi, wojomba n'kulipitsidwa nkhuku. Potsiriza mwana wa woumba njerwa amauzidwa kuti mamakisi ake achepa ndi asanu.

Nanga sukulu yamakono yoteroyo ingakhalitse kuno? Tili ndi chifukwa chokayikira. Ngati idalira ndalama za alendo, tikukumbukira 2020, matenda a korona atatseka maulendo: ndege zinasiya kutera, maloji anakhala opanda anthu, azibambo anabwezedwa kunyumba, ndipo thandizo lambiri linachepa. Ngati idalira ife, tikukumbukira chilala chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, pamene ngakhale ndowa ya chimanga ya mphunzitsi sikanapezeka. Njira ya Montessori imafuna mphunzitsi wophunzitsidwa mwapadera ndi zipangizo zokwanira mwana aliyense. Mphunzitsi wotero adzakhala zaka zingati kuno asanaitanidwe ndi sukulu ya ku Lusaka yolipira kawiri? Ndipo mwana angasankhe yekha ntchito zaka zinayi, koma kumapeto akumana ndi pepala lomwelo la ECZ, chifukwa kukoleji ya unamwino safunsa ngati unali wosangalala m'kalasi, amafunsa makirediti asanu, Chingerezi ndi masamu zili momwemo.

Satifiketi imeneyo ndiyo nkhani yonse kwa ife. Popanda iyo mwana sangakhale mphunzitsi, namwino kapena wapolisi. Ngakhale ntchito ya boma yolondera nyama, zimene anakula akuzithawa ndipo amazidziwa mapazi ake onse, imafuna pepala. M'maloji wopanda pepala amathera kochapa mbale ndi kosesa, pamene wa pepala amakhala muofesi kapena kutsogolo kwa galimoto akufotokozera alendo za mbalame. Tikamaona ntchito zabwino za m'chigwa chathu zikugwiridwa ndi ochokera kumtunda, sitidana nawo, ndi a Zambia anzathu. Timangodziwa kuti zinayambira pa mzere uja umene unadulidwa mwana wathu ali ndi zaka 13.

Tisamveke ngati tikukana sukulu yatsopano. Ibwere, ya Montessori kaya ya mishoni kaya ya boma, tidzavina pofika. Sitikunenanso kuti mamakisi atayidwe, chifukwa tikudziwa kuti akachoka mamakisi chotsala ndi kudziwana basi. Tikuti mwana wa m'chigwa apikisane ndi anzake a m'chigwa, ndipo gawo lalikulu la mabedi a m'boma lino likhale la ana a m'boma lino. Pogawa mabediwo mtunda uwerengedwe: mtsikana wa kwa Malama amene alibe sekondale pafupi ayambe, wokhala moyang'anizana ndi geti aziyendera. Sukulu iliyonse ya pulaimale, ngakhale ya kuthengo, ikhale ndi malo ake angapo osungidwira ana ake opambana, chifukwa woyamba pa kalasi ya pansi pa mtengo si mbuli. Mwana amene wapempha basale malo ake asaperekedwe kwa wina mpaka yankho litabwera. Ngati aphunzitsi apatsidwa malo a ana awo, ndipo ndi bwino apatsidwe kuti akhazikike, chiwerengero chake chidziwike. Ndipo malo otsala a sabata yachitatu aja amatidwe pakhoma, alengezedwe m'matchalitchi ndi pawailesi, ndi maina a amene alowamo pamodzi ndi mamakisi awo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chofuna ndalama za kunja.

Inu mafumu athu asanu ndi mmodzi, amene timakugwadirani pa mwambo wa Malaila, wina akabwera kudzapempha malo omangapo sukulu, musanamuonetse malire mufunseni kuti ana a m'midzi yozungulira adzalowa angati chaka chilichonse, ndipo yankho lilembedwe, anduna asunge kope. Inu makhansala ndi aphungu a Malambo, mafomu a basale afike m'midzi zotsatira zisanatuluke. Ndipo inu makolo anzathu, msonkhano wa pasukulu ukaitanidwa temu ino tisatumize ana kukatiimira. Tipite tokha, tikhale kutsogolo, ndipo nkhani ya njerwa isanayambe tipemphe kuti atiwerengere mndandanda wa amene analowa m'malo otsala.